Kupsa Mtima kwa Mayi Anastasia

Luchenza,
4 Febuluwale 2024

Wokondedwa mlongo wanga Tinenenji,

Ndikhulupirira uli bwino ku Dubai komweko. Kuno ine, alamu ako ndi ana tadzuka. Mvula yadula, chimanga chikufota chisanamasule. Ndalemba papepala n'kujambula pafoni monga mwa masiku onse, poti unati foni yoimba sigwira kwanuko, ngakhale ine ndimaona ngati imasiya kugwira ukangomva mawu a Amayi chakumbuyo.

Nkhani ndi ya Amayi omwewo. Sali bwino. Akupsa mtima kuposa kale. Sabata yatha anathamangitsa kasitomala wawo wa zaka khumi pabenchi yawo ya kaunjika chifukwa chofunsa mtengo kawiri. Awonda moti chitenje chikuwazungulira kawiri ndi theka, chonsecho akudya ngati munthu wochokera kuganyu. Kuchipatala chapafupi anawayeza malungo, shuga ndi matenda ena aja, zonse palibe. Azakhali a Doris akuti ndi zaanthu, ndipo apeza kale mneneri ku Bangwe.

Tinenenji, zaka zitatu zakwana usanawalembere ngakhale moni. Ndikupempha mizere iwiri yokha. Ine ndiwawerengera ndekha.

Ndine mlongo wako,
Zefaniya


Deira, Dubai,
18 Febuluwale 2024

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Ine ndili bwino. Ndikugonabe pabedi lam'mwamba, Selinah wa ku Lusaka uja akugona pansi panga, ndipo akulizabe mkonono ngati chigayo cha dizilo.

Mwati Amayi akupsa mtima. Achimwene, mphunzitsi wamkulu ngati inu n'kuonongera bando nkhani imeneyi? Bwanji osangondiuzanso kuti ku Mulanje kuli phiri?

Poti mwaiwala, ndikukumbutseni. Tsiku la chinkhoswe changa ndi Derrick, tenti itadzaza, ankhoswe a mbali zonse atakhala pamipando yapulasitiki, Amayi anu analanda maikolofoni kwa mwambo wa zonse. Anati mwana wawo ndi chitsiru chokhala ndi satifiketi ya Fomu 4, ndipo mnyamatayo ndi thumba lobooka. Kenaka anaponya lichero, tambala n'kuthawira kumsewu. Spika inali yaikulu, mawu anafika mpaka kudepoti. Ukwati unathera pomwepo. Ine ndinabwera kuno kudzayala mabedi a anthu ena chifukwa ku Luchenza ngakhale ana anali kundiitana kuti Fomu 4. Mizere iwiri mukuifunayo ndi imeneyi, muwawerengere.

Tikambe zina. Kuhotela kwathu ku Downtown andipatsa nyumba za alendo okhalitsa. Mu 1407 muli mdala wa ku Japan, Pulofesa Kurihashi, wa zaka 74. Wabwera miyezi isanu ndi umodzi kudzaphunzitsa madokotala a pachipatala china kuno. Munthuyu amayala yekha bedi ine ndisanafike, amapinda matawulo, kenaka n'kundiweramira ngati ndine bishopu. Tsiku loyamba ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina walowa supavaiza. Patebulo pake pali zithunzi zambirimbiri, koma palibe cha mkazi kapena mdzukulu. Ndi makosi okhaokha a anthu, ena otupa, ena ayi. Nditafunsa, anati iye ndi dokotala wa mahomoni, monga a shuga ndi ena otero, koma moyo wake wonse wathera pa kachiwalo kamodzi ka pakhosi, kooneka ngati gulugufe, kamene ife timati chithokomiro. Zaka makumi anayi, achimwene, pa kanthu kochepa kuposa chiwindi cha nkhuku. Ndiye muziti ine ndimasunga nkhani.

Mpatseni moni aliyense amene sananditukwanepo pa maikolofoni.

Tinenenji


Luchenza,
3 Malichi 2024

Wokondedwa Tinenenji,

Kalata yako ndinailandira. Mizere ija sindinawerenge kwa Amayi, ndine wamoyo ndipo ndikufuna kukhalabe choncho.

Koma ndinalakwitsa chinthu chimodzi. Ndinauza azakhali a Doris kuti wapeza mdala wa ku Japan, dokotala wa shuga, amene amakuweramira. Iwo anangomva mawu awiri, mdala ndi shuga. Pofika Lamulungu amayi onse a mvano anali akudziwa kuti uli ndi shuga dadi. Ine monga mlongo wako ndikufunsa mwaulemu: kodi mdalayu zolinga zake n'zotani? Ngati zili zabwino, atumize munthu. Amayi atamva anangoti, "Ngati ndi nkhalamba bola, sangathamange."

Iwowo zikungoipiraipira. Sagona mokwanira, amangoyendayenda. Amati akumva kutentha ngakhale kukuomba mphepo, amadzithira madzi katatu patsiku. Manja akunjenjemera, tiyi amatayika asanafike pakamwa, ndipo ndalama ya chenji akuwawerengera ndi anzawo a pamsika. Maso nawo atong'oka, ukawapatsa moni amakuyang'ana ngati waba mbuzi. Mneneri wa ku Bangwe uja anayesa kuwasanjika manja, iwo anamuuza kuti ayambe watsuka m'kamwa.

Ndikudziwa anakulakwira. Koma ndi mayi ako.

Zefaniya


Deira, Dubai,
17 Malichi 2024

Achimwene,

Moni nonse. Kuno ndi mwezi wa Ramadani, masana timadyera mobisala kuchipinda cha matawulo ngati mbewa.

Auzeni azakhali a Doris kuti chibwenzi changa chikuyenda bwino. Lachisanu anandionetsa chithunzi cha chithokomiro cha nkhumba. Amayi a mvano ayambe kusoka yunifolomu.

Mdalayu akayamba kulongosola ntchito yake sasamala kuti ndili ndi zipinda khumi ndi zinayi, ndipo supavaiza akukuwa pakhonde m'Chiarabu kuti yalla, yalla, ndiye kuti fulumirani. Ine ndimapukuta galasi, iye akuyankhula. Anabadwira m'mudzi wa asodzi kumpoto kwa dziko lawo. Ali dokotala wachinyamata ankayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja akupapasa makosi a anthu, mpaka agalu anamuzolowera. Akuti kwathu kuno khosi limatupa chifukwa chosowa ayodini, uja amathira mumchere wa m'mapaketi, koma kwawoko ena linkatupa chifukwa choti wachuluka, poti amadya ndere za m'nyanja ngati ndiwo. Kuchepa ndi vuto, kuchuluka ndi vuto, ngati azakhali.

Kenaka anatha zaka khumi ndi ziwiri akulawirira kophera nkhumba ndi chidebe cha ayezi, kukatola zithokomiro. Ankazipera n'kumafufuza njira yoyezera homoni yake m'kadontho kamodzi ka magazi a khanda kouma papepala. Akuti anali gulu, iye anangoikapo njerwa imodzi, koma makanda ambiri amene akanakula opuwala anathandizidwa msanga. Ndinamufunsa ngati anam'patsa mendulo. Anati anam'patsa wotchi, ndipo imachedwa ndi mphindi zitatu.

Homoni, malinga ndi iye, ndi kalata imene chiwalo china chimalembera chinzake, magazi ndiye positi. Ndinati ndiye kwathu tili ndi mlongo wanga Zefaniya, homoni yosatopa. Anaseka, n'kupempha kuti amve kalata imodzi, poti amasonkhanitsa mawu a zinenero zosiyanasiyana onena za mtima. Ndinatulutsa foni n'kumumasulira makalata anu onse awiri m'Chingerezi, mwadala mawu ndi mawu, kuti naye aone zimene ndinathawa. Nditafika pa "akupsa mtima" ndinati mtima wawo ukupsa ndi moto.

Anasiya kuseka. Anati, "Ukupsa? Akumva kutentha?"

Ine ndinati, "Ayi, Pulofesa, ndi kayankhulidwe chabe. Kwathu munthu akakwiya timati wapsa mtima."

Iye anati, "Chinenero chanu chinaphunzira udokotala. Bwerezanso pa manja paja. Ndi maso. Akudya koma akuwonda?"

Anandifunsa mafunso ngati wapolisi, kenaka analemba kapepala n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndi zachizungu zake, ndidzakuuzani ndikapeza mpata. Madokotala ndi choncho, ukawaonetsa mfiti amati ili ndi matenda.

Tinenenji


Luchenza,
24 Epulo 2024

Tinenenji,

Masabata asanu osamva kanthu kwa iwe. Makalata anga awiri unawatsegula, timizere tabuluu ndinationa.

Lolemba Amayi anagwa pamsika. Anali akumasula belo, anangoti mtima ukuthamanga, n'kukhala pansi, kenaka chagada. Anzawo anawathira madzi, ena anayamba kulira maliro. Atatsitsimuka, mawu awo oyamba anali otukwana amene anawanyowetsa zovala zogulitsa. Kuchipatala anati mwina ndi BP, mwina ndi maganizo, apume. Azakhali akuti maganizowo ndi iweyo.

Ine sindikuti ndi iwe. Koma ndinawanyamula kuwakweza pakabaza, ndipo akupepuka ngati mwana wa sitandade 5. Ndikuopa kuti tsiku lina ndidzakulembera kalata imene sudzatha kuiyankha mwachipongwe.

Unatchula kapepala ka mdala uja. Kanali ka chiyani?

Zefaniya


Deira, Dubai,
26 Epulo 2024

Achimwene,

Mwina munaona pafoni chimvula chimene chinagwa kuno pa 16. Misewu inasanduka mitsinje, sitima ya Metro inaima, tinagona kuhotela masiku atatu pamakatoni. Ndinakonzeka kukuuzani kuti n'chifukwa chake ndinakhala chete. Koma mvula inagwa tsiku limodzi, ndipo kapepala kaja kakhala m'thumba la yunifolomu yanga kuyambira pa 15 Malichi. Kachapidwa kamodzi. Ndinakaumitsa ndi ayironi n'kukabwezera momwemo.

Mdala analemba kuti Amayi akayezetse magazi a chithokomiro msanga. Akuganiza kuti kachiwalo kaja kakutulutsa homoni yambiri, ndiye thupi lonse likuthamanga ngati minibasi yopanda mabuleki: kutentha, kuwonda, kunjenjemera, maso, mtima. Ndi ukali womwe. Akuti munthu wotere amatha kutukwana aliyense kwa zaka, abale n'kumati ndi khalidwe lake.

Mwamva tsono chifukwa chake sindinatumize? Zaka zitatu ndakhala ndi nkhani yanga yomveka bwino: Amayi ndi oipa, ine ndine wolakwiridwa. Ndimadzuka nayo folo koloko, ndimakwera nayo basi ya kampani, imandithandiza kukwecha mabafa. Ndiye abwere mdala wa wotchi yochedwa adzandiuze kuti amene anandinyoza pa maikolofoni ndi gulugufe wa pakhosi? Ndikwiyire gulugufe?

Kalata yanu ya Lachitatu ndinamuwerengera Selinah. Anakhala tsonga pabedi n'kunena m'Chinyanja chawo chija kuti, "Iwe Tine, ndiwe mfwiti. Amai bako bakafa, uzakangana na ndani?" Anandilanda kapepala, n'kunena kuti ndikapanda kutumiza auza Amalawi onse a kutchalitchi cha ku Jebel Ali. Ndiye musandiyamike, ndatumiza chifukwa cha mantha.

Dzulo ndinaulula kwa Pulofesa. Ndimayembekeza kuti andikalipira, ndinali nditakonza kale mayankho. Iye anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Anati mayi ake anali otchuka m'mudzi monse ndi ukali. Ankaswa mbale, ankamumenya ndi chipande, anansi ankati ndi amisala. Anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mtima unangoima, ndipo iye sanalire pamaliro. Ali kusukulu ya udokotala anatsegula buku n'kupeza mayi ake alembedwa patsamba limodzi, kuyambira maso mpaka manja. Pansi pa tsambalo panali dzina la mankhwala.

Ndinati, "Ndiye munawakhululukira?"

Anati, "Ndinakhala dokotala wa chithokomiro zaka makumi anayi. Sindikudziwa ngati n'chimodzimodzi."

Tsono mverani bwino. Iye akuti sangayeze munthu pa kalata, choncho muwatengere kuchipatala chachikulu ku Blantyre sabata ino, osati ya mawa, ndipo muonetse adokotala chithunzi cha kapepalaka. Amayi akakana, chitani izi kuti mukhale ndi chowauza. Dikirani agone tulo ta masana. Ikani zala ziwiri pamsempha wa padzanja, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa mphindi imodzi yathunthu. Akuti munthu wongokwiya akagona mtima umatsika, chifukwa mkwiyo umagona naye limodzi, koma homoni sigona. Ukapitirira 90 ali m'tulo, musadikire azakhali kapena mneneri wina.

Musawauze kuti zachokera kwa ine.

Tinenenji


Luchenza,
19 Meyi 2024

Wokondedwa mlongo wanga,

Pepa ndachedwa, foni inafa chaja ndipo ndakhala ndikuyenda ulendo wa Blantyre.

Monga unanenera, Amayi anakana kupita. Anati sangalipire minibasi kuti akauzidwe kuti apume. Ndiye Loweruka masana atagona pamkeka kukhonde, ndinavula nsapato n'kukwawa. Mlongo wanga, ine ndagwirapo njoka m'kalasi ana akukuwa, koma sindinaopepo chonchi. Alamu ako anagwira foni yowerengera nthawi ataima patali, mwendo umodzi uli kale kunja kwa mpanda. Ulendo woyamba ndinafika pa 40 Amayi n'kutembenuka, ine ndinagona chafufumimba ngati ndikufuna singano. Ulendo wachiwiri ndinamaliza: 118. Ndinabwereza poganiza kuti mwina ndikuwerenga mtima wanga: 116.

Pomaliza kuwerengako ndinapeza maso aja akundiyang'ana. Anati, "Zefaniya, ukufuna kundikhwimira?" Ndinangonena zoona zonse, ndi dzina lako lomwe. Pepa. Amayi anadzuka n'kukhala tsonga pamkeka. Kenaka anati, "Ndiye chitsiru chija chikadakumbuka kuti ndili ndi khosi." M'mawa mwake ndinawapeza atavala kale.

Ku Blantyre adokotala anawerenga kapepala ka mdala wako, anawapapasa pakhosi akumeza madzi, anaika pepala pamanja pawo n'kuona likuvina. Magazi atuluka sabata yatha. Ndi chithokomiro chomwecho. Akuti mwina akhala nacho zaka zinayi, ndipo mtima unali utatopa kwambiri, tikanachedwa miyezi ina bwenzi tikukamba zina. Awapatsa mapiritsi amitundu iwiri, ndipo tizipita kukayezetsa mwezi ndi mwezi.

Zaka zinayi, Tinenenji. Chinkhoswe chinali zaka zitatu zapitazo. Ndine mphunzitsi wa masamu, koma samu iyi uwerengere wekha.

Azakhali a Doris akuti mneneri wawo ndiye anatsegula njira. Akufunsanso ngati mdalayo ali ndi mng'ono wake.

Zefaniya


Luchenza,
30 Juni 2024

Tinenenji mwananga,

Moni. Ndalemba ndekha. Uone zilembozi, dzanja lasiya kunjenjemera. Kuno kukuzizira ndipo chaka chino ndafunda bulangeti, ndinali nditaiwala kuti Juni amazizira. Kasitomala wanga uja wabwerera, amafunsabe mtengo kawiri.

Mlongo wako wandivutitsa kuti ndikulembere kuti zonse za pachinkhoswe anali matenda. Anachita kundilembera papepala kuti ndingokopera. Ndayatsira mbaula.

Ndakhala ndikuzisankha zinthu zija ngati belo, ichi cha matenda, ichi changa. Kulanda maikolofoni anali matenda. Kukuwa anali matenda. Lichero ndi tambala, matenda. Koma za Derrick zinali zanga. Lachitatu la sabata imeneyo ndinamuona ku Limbe ndikukaoda katundu, ali ndi mkazi wapakati, iye atanyamula mwana wina amene anali nkhope yake yeniyeni. Ndinafunsa kwa ogulitsa nthochi, anati ndi banja, amakhala ku Kachere. Ndikanakhala bwino ndikanakuitanira kuchipinda n'kukuuza chapansipansi, ukanalira pachifuwa panga anthu osadziwa. M'malo mwake ndinasunga masiku atatu mutu ukuwira, mpaka zinaphulikira pa spika. Thumba lobooka sindikubweza. Anali lobooka.

Atsala mawu aja oti chitsiru. Ndawatembenuza uku ndi uku, sindikupeza chizindikiro choti ndi a matenda kapena anga. Adokotala sayeza zimenezo. Ndiye ndawatenga kuti ndi anga, poti anatuluka pakamwa panga. Pepa mwanawe.

Ndamva kuti kapepala kaja unakasunga masabata asanu ndi limodzi. Sindikudandaula. Ine ndikanakasunga asanu ndi awiri. Ndiwe mwana wanga ndithu.

Umuthokoze mdala wakoyo. Ngati amadya mtedza undiuze.

Ndine mayi ako,
Anastasia


Deira, Dubai,
14 Julayi 2024

Amayi,

Moni. Ndayamba kalatayi kanayi. Selinah akuti ndikang'ambanso pepala lina andilipiritsa kope.

Za Derrick ndinazidziwa kale. Ndinaona zithunzi pa Facebook chaka choyamba ndili kuno, mkazi, ana awiri, keke. Sindinauze munthu. Mukanakhala kuti munanama, mwina ndikanakukhululukirani kalekale. Koma munanena zoona, pa spika, pamaso pa Luchenza yense, ndipo chitsirucho chinaoneka kuti ndi chitsirudi. Chimenecho ndiye chinandikanika kumeza.

Pulofesa wabwerera kwawo Lachinayi. Mtedza akuti amadya, koma mwachedwa nawo. Asananyamuke ndinamuwerengera kalata yanu, ndipo pa belo paja anandiuza kuti ndibwereze, n'kulemba m'kabuku kake. Kenaka anandiuza za kafukufuku wake womaliza, amene akuti anthu sanamuwerenge kwenikweni. Anatsatira odwala chithokomiro mazana asanu ndi limodzi atachira, koma mafunso ankafunsa abale awo, akazi, amuna, ana. Anapeza kuti wodwala amakhala bwino m'miyezi itatu kapena inayi. Abale ena zaka khumi zinkatha asanabwerere kudzadya naye. Akuti anafunafuna mankhwala a gulu lachiwirili mpaka anapuma pantchito.

Ine ndinaona mwayi. Ndinati, "Pulofesa, matendawa amayenda m'magazi a pabanja, si choncho? Inenso ndimapsa mtima. Tandiyezani." Ndinatambasula dzanja ndili ndi chiyembekezo chonse. Ndinkafuna andipeze ndi gulugufe wanga, kuti nanenso ndikhale ndi belo losankha, ndizinena kuti masabata asanu ndi limodzi aja anali matenda.

Anaika zala ziwiri, anayang'ana wotchi yake yochedwa ija, tinakhala chete mphindi yathunthu. Anandipapasa pakhosi, anaika pepala pamanja panga, pepala linangokhala phee.

Anati, "66. Uli maso, uli chiimire, ukukamba za mayi ako, koma 66. Ukafuna ukayezetse magazi, koma ine ndikuona mtsikana wathanzi kwambiri." Kenaka anandiweramira n'kunena m'Chichewa chake chopindika, chimene ndinamuphunzitsa ndekha, kuti, "Kupsa mtima, kwako."

Ndiye ndi zimenezo, Amayi. Inu muli ndi mapiritsi, ine ndilibe. Sindikunamizani kuti zatha, mukudziwa kale kuti ndinatengera ndani. Pepa wanu ndamulandira, ndamuika m'thumba la yunifolomu muja munali kapepala, ndipo ndisamala kuti asachapidwe. Pa masabata aja, nanenso pepani. Ndalemba kamodzi, musayembekeze kuti ndibwereza.

Mdala anandisiyira wotchi ija. Akuti imachedwa, koma muvi wa masekondi sunama. Ndapempha tchuthi cha Disembala, supavaiza wati inshallah, ndiye kuti mwina. Achimwene sindikuwakhulupirira pa zowerenga, munthu amawerenga akunjenjemera, ndiye ndidzabwera ndidzawerenge ndekha. Simudzafunika kugona. Mudzangokhala pakhonde n'kundipatsa dzanja, ine ndidzaligwira mphindi imodzi yathunthu. Inu osayankhula, ine osayankhula. Kwa anthu ngati ife mphindi ndi yaitali, koma ndikuganiza kuti tingaikwanitse.

Imwani mapiritsi. Ndipo azakhali a Doris asadziwe tsiku lofika.

Ndine mwana wanu wa Fomu 4,
Tinenenji